Tumatumba Tuwili

Pa Citatu m'mawa ninali kutsogolo kwa Giledi 8B, coko m'manja, kujambula ziwalo zobelekela za mkazi pa bolodi. Cithunzi ici nacijambula kwa zaka 11, moti dzanja limangoyenda lokha. Cibelekelo pakati, tumapaipi tuwili tupita uku na uku ngati nyanga za ng'ombe, ndiyeno kumapeto kwake tumatumba tuwili twa mazila, tumene buku limati ma ovary. Anyamata a kumbuyo anali kuseka monga mwa nthawi zonse. Ninauza kalasi kuti kathumba kamodzi sikaposa suku kukula kwake, koma ndiko kamasunga mazila na kupanga mahomoni a mkazi.

Mtsikana wina wa pa desiki ya kutsogolo, amene sakamba-kamba, anaimika dzanja.

"Ba Madam, manje ngati batucosa utu, muntu angankale na moyo?"

Ninamuyankha ngati buku. "Angakhale. Koma sangabelekenso, ndipo amaleka kupita kumwezi." Iye analemba mu notsi yake, ine n'kupitiliza phunzilo. M'cola canga pa tebulo munali pepala la ku cipatala lopinda kanayi. Ba dokota ananipatsa pa Mande kuti nikaliwelenge bwino, nikakambilane na a kunyumba, ndiyeno nikabwele nalo, nitasaina kapena ai. Pepalalo linali kupempha cilolezo cocotsa tumatumba twanga tonse tuwili.

Nili na zaka 36. Nikhala ku Chilenje na amuna anga na mwana wathu mmodzi, mtsikana wa zaka 7. Pamene ninali na zaka 33, tsiku lina posamba ninapeza kanthu kolimba ngati nshawa m'bele la kumanzele. Sikanali kuwawa, ndipo kusawawako ndiko kunanipusitsa. Ninakhala nako miyezi itatu, kumadziuza kuti kadzasungunuka kokha. Atadulako kanyama n'kukapima, anapeza kuti ni khansa, ndipo inali itafika kale m'tumwanabele tuwili twa m'khwapa. Anacotsa bele lonse. Ninalandila kemo maulendo 8, tsitsi n'kuthothoka, zikhadabo n'kuda bii. Pambuyo pake ninagona pansi pa makina a radiotherapy kwa masabata angapo. Za nthawi imeneyo sinifuna kukamba zambili pano. Ninapulumuka, ninabwelela ku nchito na citambala kumutu, ana a sukulu n'kuzolowela.

Nkhani yanga ya lelo iyambila pa mau awili amene anali pa lipoti la ku labu: ER positive. Ba dokota anamasulila motele: "Madam, khansa yanu imadya estrogen." Estrogen ni homoni imene mkazi amene akali kupita kumwezi amapanga, maka-maka m'tumatumba tuja. Ndiyo imameletsa mabele mtsikana akatha msinkhu, imayendetsa mwezi, imalimbitsa mafupa. Maselo a khansa ya mtundu wanga ali na tumakomo tumene estrogen imagogodapo, ndipo ikagogoda, maselowo amayamba kuswana. Khansa zambili za mabele ni za mtundu umenewu. Ubwino wake ni wakuti pali mankhwala otseka tumakomoto. Kuipa kwake ni kwakuti ni khansa yoleza mtima. Maselo ocepa angabisale m'mafupa kapena m'ciwindi, n'kudzauka patapita zaka 10 kapena kuposapo.

Conco ananiyambitsa tamoxifen, pilisi limodzi tsiku lililonse, kwa zaka 5 mpaka 10. Kemo inali itaimitsa mwezi wanga. Patapita miyezi 8 unabwelela, ndipo ninakondwela ngati kamtsikana. Ninakagula mapadi pa kantemba nikumwetulila nekha. Ba dokota sanakondwele nane. Kubwelela kwa mwezi kunatanthauza kuti tumatumba twauka, ndipo twayambanso kuphikila mdani cakudya. Ananiuza za makafukufuku awili aakulu a m'maiko ambili, SOFT na TEXT, amene zotulukapo zake zoyamba zinafalitsidwa mu 2014. Anaonetsa kuti kwa azimai acicepele ngati ine, amene anadwala asanakwanitse zaka 35, kapena amene analandila kemo mwezi n'kubwelela, kugoneka tumatumba kumacepetsa mpata wakuti khansa ibwelenso. Ndiye ninayamba nyeleti ya goserelin, imene pa bokosi amalemba kuti Zoladex. Amalasa pansi pa khungu la pamimba masiku 28 alionse. Nyeleti yake ni yonenepa, cifukwa cimene imalowetsa si madzi koma kambewu kolimba kamene kamasungunuka pang'ono-pang'ono. Mankhwalawo amatseka mau ocokela ku ubongo opita ku tumatumba, tumatumbato n'kugona. Satupha ai. Ukaleka nyeleti, tungaukenso.

Zaka ziwili manje nikhala pa kalenda ya masiku 28. Mwezi ulionse nipempha cilolezo kwa ba hedi, nisiyila ana nchito pa bolodi, nikwela mabasi awili, nikhala pa benchi. Pali miyezi imene nyeleti sinapezeke, ndipo ninacita kukagula na ndalama za lendi, cifukwa ukacedwa kwambili tumatumba tumayamba kugwedezeka. Thupi nalo linasintha. Kutentha kumanigwila mwadzidzidzi, kuyambila pacifuwa kukwela kumaso, thukuta n'kutsika ngati nathamangila basi. Mu October, usiku malaiti akapita fani n'kuima, nimatuluka kukakhala pa sitepu na citenge conyowa pamapewa.

Pokhala mphunzitsi wa sayansi, ninafuna kudziwa kumene nzelu iyi inacokela. Ninapeza kuti ni yakale kuposa ambuye anga. Mu 1896 dokota wa ku Glasgow, George Beatson, anafalitsa lipoti la zimene anaona atacotsa tumatumba twa mazila kwa azimai amene khansa ya bele inali itafalikila. Iye anali atamva kuti alimi ena amacotsa tumatumba twa ng'ombe zikangobeleka kuti zipitilize kutulutsa mkaka, ndiye anaganiza kuti payenela kukhala cingwe cosaoneka pakati pa tumatumba na bele. Wodwala wake woyamba anali na zaka 33, ndipo zotupa zake zinafota. Nthawi imeneyo ngakhale liu lakuti homoni linali lisanapangidwe. Ninawelenga zimenezi pa foni nili pa benchi kuyembekezela nyeleti, ndipo ninamuganizila mkazi uja wa msinkhu wanga, amene anavomela mpeni popanda womuuza kuti unathandizapo munthu wina.

Nyeleti ikanakhala yokwanila, pepala lija silikanabwela. Cimene cinalibweletsa ni funso limene ba dokota atsopano ananifunsa caka catha: "Kwanu kuli amene anadwalapo khansa ya bele kapena ya m'mimba?" Ninayankha kuti kulibe, monga ninali kuyankhila nthawi zonse. Iwo anafunsanso mwa njila ina. "Kuli mkazi amene anamwalila akali wamphamvu, mimba itatupa?"

Ninakumbukila atate aakazi, mlongosi wa atate anga, a ku Katete. Ninali mu Giledi 7 pamene anadwala. Mimba inakula ngati ali na pakati, pamene zaka zinali zitapitilila 45, manja na miyendo n'kuonda ngati bango. Ku cipatala anali kuwapopa madzi m'mimba, pakapita masabata awili madzi n'kubwelela. Pamudzi anati analodzedwa cifukwa ca dimba limene anali kulimbilana na asuweni ao, ndipo mpaka lelo mabanja awiliwo sapalana moto. Usiku umenewo ninatumila foni amai. Atazungulila-zungulila anaulula kuti ambuye, amai ao a atate, anamwalila na cilonda ca pa bele cimene sicinali kupola. Pa malilo onse awili palibe anachula dzina la matenda. Nitawafotokozela ba dokota zimenezi, anaika bolopeni pansi n'kuniuza kuti nipimitse magazi.

Magaziwo anafunika kupita ku South Africa, ndipo mtengo wake unaposa malipilo anga a mwezi. Anzanga a cilimba ku staff room anasinthanitsa miyezi yao kuti ine nilandile msanga. Patapita masabata 6 yankho linabwela: BRCA2.

Aliyense wa ise, mwamuna kapena mkazi, ali na majini ochedwa BRCA1 na BRCA2. Nchito yao ni kukonza DNA ikaonongeka, monga makanika wa m'thupi. Jini iliyonse timalandila pawili, imodzi kwa atate, ina kwa amai. Imodzi mwa BRCA2 zanga inabwela yothyoka. Ise Acewa timawelengela mtundu kucikazi, ndipo moyo wanga wonse nikafunsidwa za kwathu ninali kuganiza za abale a amai. Jini siidziwa mwambo umenewo. Zonse zionetsa kuti inadzela kwa atate, amene anamwalila pa ngozi ya galimoto pa Great East Road osadziwa cimene ananyamula.

Manambala ake ni awa. Pa azimai 100 wamba, mmodzi kapena awili ndiwo amadwala khansa ya tumatumba twa mazila pa moyo wao wonse. Pa azimai 100 a BRCA2 yothyoka, odwalawo amaposa 10. Pa a BRCA1 amafika pafupi-fupi 40. Coopsa kwambili n'cakuti khansa iyi ilibe kapimidwe kodalilika koigwila ikali yaing'ono, monga mmene amapimila khomo la cibelekelo ku kiliniki. Kambili imadziwika mimba itayamba kale kutupa. N'cifukwa cake madokota amalangiza kucotselatu tumatumba pamodzi na tumapaipi twake, a BRCA1 pa zaka 35 mpaka 40, a BRCA2 pa zaka 40 mpaka 45. Angelina Jolie, amene ali na BRCA1, anacotsa mabele onse mu 2013, tumatumba mu 2015, ndipo dziko lonse linamuombela m'manja. Ine ninali kuganiza za apongozi.

Pa Mande ija ba dokota anajambula njila zitatu kuseli kwa khadi langa. Yoyamba, kupitiliza nyeleti mpaka zikwane zaka 5, ndiyeno kudzacotsa tumatumba nikafika zaka 40. Yaciwili, kuimitsa mankhwala onse kwa kanthawi, kuyesa kutenga mimba, kubeleka, n'kubwelela pa mankhwala. Yacitatu, kucotsa manje. "Zonse zitatu ni njila za anthu anzelu," anatelo. "Ine ningakuuzeni ngozi ya iliyonse. Imene mungakwanitse kugona nayo tulo, mudziwa ndimwe."

Amai anakwela basi ya m'mamawa kucokela ku Chipata. Ninakawacingamila ku Intercity, ali na thumba la nshawa na nkhuku yomanga miyendo. Sanakambe kanthu mpaka mwana atagona.

"Mwana wanga, bele anadula, sininakambe. Manje ufuna uwapatsenso mazila. Adzakusiyila ciani cakuti uzichedwa mkazi?"

"Amama, cibelekelo sacotsa. Ni tumatumba cabe."

"Nkhokwe yopanda cimanga ni nkhokwe?"

Ninalibe yankho. Amai anabeleka ana 7, awili anaika m'manda. Kwa iwo kukhala na mwana mmodzi ni kuoloka mtsinje pa ulalo wa mtengo umodzi. Sanali kuninyoza. Anali kuopa zimene anaona zikucitikila akazi ena m'maukwati. Apongozi sanabwele. Anatuma mau kudzela kwa alamu anga kuti kuli abusa ena amene amapemphelela matenda otele, komanso kuti mwana wao akali mnyamata. Mau omalizawo ninawamvetsa bwino.

Amuna anga ni munthu wa mau ocepa. Nitawaonetsa pepala anati, "Thupi ni lako, amake mwana. Cimene udzasankha, nili nawe." Anzanga akamva amati nili na mwamuna wabwino, ndipo n'zoona, koma tsiku limenelo mauwo ananikwiyitsa. Ninamva ngati anisenzetsa katundu pamutu n'kubwelela kumbuyo mwaulemu. Tinakhala sabata yathunthu tikamba za malasha na ndalama za sukulu cabe. Usiku wina nili pa sitepu na citenge canga conyowa, anatuluka n'kukhala pambali panga.

"Musaniuzenso zakuti thupi ni langa," ninatelo. "Niuzeni cimene mufuna imwe."

Anakhala cete nthawi yaitali. "Nifuna mwana wina. Sininame. Nimalakalaka kamnyamata kopita nako ku bola." Anapukuta kumaso na cikhatho. "Koma ndine ninali kugwila beseni pamene unali kusanza kemo. Ndine ninali kumanga tsitsi la mwana uyu m'mawa, iye akulila kuti sinidziwa kumanga monga mami. Ngati kamnyamatako kabwela na beseni ija, sinikafuna. Ai, nanama. Nikafuna, koma siningakwanitse."

Kucokela tsiku limene ninadwala, aka kanali koyamba kulila pamodzi. Tinali kulila aliyense payekha, wina ku bafa, wina m'galimoto ya ku nchito.

Njila yaciwili sininaitaye msanga. Pa benchi ya nyeleti ninadziwana na mtsikana wa ku Matero, wa zaka 29, amene anadwala patangopita miyezi yocepa cicitile cikwati. Alibe mwana. Iye ndiye ananiuza za kafukufuku wochedwa POSITIVE, wofalitsidwa mu 2023. Azimai oposa 500 a khansa ya mtundu wathu, amene anali atakhala pa mankhwala caka na hafu mpaka zaka ziwili na hafu, anaimitsa kwa nthawi yosapitilila zaka ziwili kuti ayese kubeleka. Ambili anatenga mimba, ndipo m'zaka zitatu zoyambilila khansa sinabwelele kwa iwo kuposa mmene imabwelela kwa anzao amene sanaimitse. Mnzangayo anasankha njila imeneyo, mogwilizana na madokota ake. Tsiku limene ananiuza maso ake anali kuwala, ndipo ninamukumbatila na mtima wonse. Nikanakhala pamalo pake nikanacita cimodzi-modzi.

Koma zaka zitatu n'zocepa kwa khansa yoleza mtima. Yanga inali itafika m'khwapa. Nili na BRCA2. Mazila amene anapulumuka kemo angakhale ocepa, ndipo ningaimitse mankhwala zaka ziwili n'kutuluka cimanjamanja. Zakuti mwana angatengele jini, mpata wake hafu kwa hafu, sininaziike pa sikelo. Mwana wanga amene alipo ali na mpata umodzi-modziwo, ndipo palibe tsiku limene ninalakalakapo kuti asabadwe.

Cimene cinanithandiza kusankha sicinali nambala. Pa Ciwelu cina ninatsitsa sutukesi ya pamwamba pa wadilopu, mmene ninasunga tuzovala twa mwana wanga twa ukhanda, tocapa na kusita, kuyembekezela mng'ono wake. Ninatuyala pa bedi. Ninayesa kuona nkhope ya mwana amene adzatuvala, koma sinabwele. Zimene zinali kubwela ni nkhope za akulu-akulu: azimai a ku kitchen party akunong'onezana, alamu anga, amai a pa geti yaciwili amene amafunsa mwezi ulionse kuti, "Nanga wina ni liti?" Ninazindikila kuti pa zaka ziwili zonsezi nyeleti inali kunipatsa cowayankha. Ninali kungoti, "Tikali pa mankhwala." Yankho limenelo limasiya citseko cotseguka, ndipo mkazi wa citseko cotseguka anthu amamulekako. Ninali kuopa kukhala mkazi amene nkhani yake yatha, nkhalamba ya zaka 36.

Sinikamba kuti mwana sininali kumufuna. Ninali kumufuna, ndipo nikali kumulila. Koma pamene ninasiyanitsa cisoni canga na manyazi amene anthu ananibweleka, ninapeza kuti cisonico ningacinyamule. Manyaziwo sanali cinthu coikilapo moyo wanga cikole.

Nitavomela mumtima kuti sinidzabelekanso, masamu otsala anali a Giledi 5. Nyeleti zatsala zaka zitatu, 13 pa caka, zonse pamodzi 39. Zikatha nidzakhala na zaka 39, ndipo pa 40 mpeni uniyembekezela ndithu. Kusunga tumatumba togona kwa zaka zitatu, n'kutudzutsa caka cimodzi kuti tupange estrogen imene khansa yanga imakonda, ndiyeno n'kutucotsa, kunalibe phindu kwa ine. Komanso umoyo wa mkazi woleka kumwezi naudziwa kale. Nakhala m'nyumba imeneyi zaka ziwili pa lendi, ndipo opaleshoni ni kuigula.

Sinifuna kunamiza aliyense kuti njila iyi ni yaulele. Azimai ambili amaleka kumwezi ca m'ma 50. Ine nidzakhala nitaleka zaka zoposa 10 nthawi isanakwane, ndipo estrogen imene ikanateteza mafupa na mtima wanga sidzakhalapo. Popanda iyo mafupa amadyeka mkati mwakacete-cete, ngati thabwa la ciswe. Azimai ena ocotsedwa tumatumba amapatsidwa mahomoni obwezeletsa. Ine siningalandile, cifukwa ndico cakudya ca khansa yanga. Palinso za kucipinda. Thupi limauma, cilakolako cimazilala, ndipo alangizi amene ananiphunzitsa usiku wonse nisanakwatiwe sananiuzeko za zimenezi. Tinacita kuphunzila tokha, na kabotolo ka ku pharmacy, na kuleza mtima, nthawi zina na kuseka komwe. Opaleshoni siithetsa nkhani yonse. Mapilisi apitiliza, ndipo mwina ba dokota adzanisinthila ku letrozole, imene imagwila nchito kokha ngati tumatumba tuli zii, koma imawawitsa mawondo na zala. Bele lotsala lifunika kupimidwa caka ciliconse, ndipo nalo lili na nkhani yake imene tidzakamba mtsogolo. Anilembela zopima mafupa, calcium na vitamin D. Nayamba kuyenda wapansi kupita ku sukulu, ndipo kapenta nimadya na mitu yomwe.

Ninasaina patapita masabata asanu. Opaleshoni ili mu December, masukulu akatsekela. Adzaboola tumabowo tung'ono-tung'ono pamimba, kulowetsa kamela, n'kucotsa tumatumba na tumapaipi, cifukwa khansa zambili za mtundu uwu zimayambila m'tumapaipimo. Cibelekelo cidzatsala. Amai nitawauza pa foni anakhala cete mpaka ninaganiza kuti talk time yatha. Ndiyeno anati, "Uniuze tsiku. Nidzabwela kudzakuphikila." Sanavomeleze, ndipo ine sininawapemphe kuvomeleza. Kwa apongozi anapita amuna anga okha. Atabwelako ninafunsa mmene zinayendela, iwo anati, "Nawauza kuti nkhani tatseka ise awili." Nsima ya tsiku limenelo anadya yocepa.

Foni yovuta kwambili inali ya kwa mlongosi wanga wa ku Kitwe, amene ali na ana aakazi awili. Ninamuuza kuti nayenso angakhale na jini iyi, na kuti kwa amuna imakweza ngozi ya khansa ya prostate, ngakhale ya bele. Anaseka. "Ine bele?" Nitachula atate aakazi na ambuye, kuseka kunatha. Akali kuganiza. Asuweni anga a ku Katete, ana a atate aakazi, nawalembela kalata, n'kuikamo zimene magazi anga anaonetsa. Kaya idzagwetsa nkhani ya dimba ija kaya ai, atsikana a m'banja limenelo ayenela kudziwa.

Mwana wanga sinimupimitsa manje. Akadzakula adzasankha yekha ngati afuna kudziwa. Cimene namukonzela ni kabuku ka sukulu mmene nalemba maina a akufa athu, a kucimuna na a kucikazi, zaka zimene anafika na mmene anadwalila. Imwe amene mukali na ambuye, afunseni zimenezi akali moyo, ndipo musalekele pa yankho lakuti analodzedwa. Funsani kuti cinatupa n'ciani, cinayamba liti, anali na zaka zingati. Ndipo kanthu kolimba m'bele, ngakhale kosawawa, musakapatse miyezi itatu monga ninacitila ine.

Tuzovala tuja ninapatsa mphunzitsi mnzanga amene ali na pakati. Ninasungako kasoti kamodzi ka ulusi wacikasu, kamene ninaluka nekha.

Sabata yatha, pobweleza maphunzilo mayeso asanayambe, ninajambulanso cithunzi cija pa bolodi ya 8B. Ninaitana mtsikana uja n'kumuuza pamaso pa onse kuti yankho limene ninamupatsa linali lopelewela. Ninauza kalasi za estrogen na mafupa, za azimai amene amacotsa tumatumba kuti atalikitse moyo, na kuti mkazi wotele amapitiliza kugwila nchito, kulela ana, kukonda na kukondedwa. Anyamata a kumbuyo sanaseke. Belu italila iye anatsalila, akulongedza mabuku pang'ono-pang'ono.

"Ba Madam, cimababa?"

"Nizakuuza mu January," ninatelo.

Ananiyang'ana, anayang'ana pa bolodi. Ndiyeno anatenga dasita n'kuyamba kufafaniza kumwamba, mbali imene dzanja langa la kumanzele silifika bwino.